Leba ya makaniko: tilipire zingati posintha ma shock a 4x4?

Pa magalaji a ku Ndirande, ku Biwi kapena ku Luwinga, anthu sakangana kawirikawiri pa mtengo wa masipeya. Sipeya ili ndi lisiti, ndipo ukakayika umatha kukafunsa pa shopu ina. Mkangano umabuka pa leba. Mwini galimoto amaona ngati akumubera, makaniko naye amaona ngati akupeputsidwa, ndipo onse awiri amasiyana atatupa mtima.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa ndine amene ndimasunga buku la ndalama za Hilux ya banja lathu, ya 2008, yomwe imanyamula kachewere kuchokera ku Tsangano kubwera naye ku Blantyre. Amene anayendako amaudziwa msewu umenewu: mabampu, miyala, ndipo dzinja likafika, matope. Ma shock, mabushi ndi masipuling'i sizikhalitsa. Paja walira mvula walira matope. Ndalama iliyonse yopita ku galaji imachoka pa fizi ya azing'ono anga, choncho ndinayenera kuphunzira kusiyanitsa leba yoyenera ndi yongotchula.

Mfundo yanga ndi imodzi: leba iyenera kuyezedwa ndi ntchito imene yagwiridwa, osati ndi maonekedwe a galimoto kapena mtengo wa sipeya.

Ntchito zake sizofanana

Tikamati "kusintha ma shock" timaphatikiza ntchito zosiyana kwambiri. Pa Hilux ngati yathu, shock ya kumbuyo imagwidwa ndi bauti pamwamba ndi pansi basi. Ngati mabautiwo sanagwire dzimbiri, munthu wodziwa amamaliza mbali zonse ziwiri ola lisanathe.

Kutsogolo ndi nkhani ina. Shock imakhala mkati mwa sipuling'i yopiringizika, ndipo kuti ituluke pamafunika kuchotsa tayala, kumasula zitsulo zingapo, kenako kupanikiza sipuling'iyo ndi chipangizo chake. Sipuling'i yopanikizidwa ikapulumuka imatha kuthyola dzanja kapena nsagwada. Mbali ziwirizi zimatenga maola awiri kapena atatu, ndipo makaniko amakhala waika thupi lake pachiswe.

Mabushi a control arm ndi otsika mtengo powayerekeza ndi shock, koma ndi amene amatopetsa. Akale amafunika kukankhidwa ndi puresi kuti atuluke, ndipo mabauti a alignment amene amadutsa pakati pawo amakonda kumatirira ndi dzimbiri mpaka kuchita kudula. Nawo masipuling'i a kumbuyo, aja osanjikizana ngati mapepala, ndi olemera. Pamafunika anthu awiri, kuchirikiza ekiselo bwinobwino ndi kumasula ma U-bolt odzaza matope ouma. Theka la tsiku limatha, nthawi zina kuposa apo.

Ndiye makaniko akatchula mtengo umodzi wa "zonse", ndimamupempha augawe: kumbuyo zingati, kutsogolo zingati, mabushi zingati. Wodziwa ntchito yake savutika kuyankha.

Mawerengedwe atatu

Magalaji akuluakulu amawerengera pa ola. Ambiri a m'makwalala amatchula pa ntchito. Njira ziwirizi zilibe vuto, bola mumvane ntchito isanayambe. Yachitatu ndi imene ndimakana: kuyang'ana galimoto, kuyang'ana nsapato za mwini wake, kenako kutchula. Land Cruiser ikalowa pa geti, leba imakwera yokha, eti chifukwa "awa ndi abwana".

Yofanana nayo ndi yotengera leba pa mtengo wa sipeya. Kumanga shock ya KYB ndi kumanga ya Old Man Emu, yomwe ndi yokwera mtengo kwambiri, ndi mabauti omwewo, sipana yomweyo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, masipeya anakwera chifukwa amachokera kunja. Ntchito ya manja sinasinthe. Koma apa tisanamizane: makaniko naye amagula ufa, amalipira lendi ya malo, amagula magesi owotcherera. Leba yake iyenera kukwera limodzi ndi mtengo wa moyo. Chimene sichiyenera kuikweza ndi dzina lolembedwa pa katoni ya sipeya.

Njira yosavuta yoyezera ndi iyi. Funsani magalaji awiri kapena atatu kuti ola lawo ndi zingati, kapena ntchito ya ola limodzi amatchaja bwanji. Tiyerekeze kuti mwapeza K15,000, nambala yongopangira chitsanzo. Ma shock a kumbuyo akhala pafupifupi K15,000, a kutsogolo K45,000, zonse K60,000. Wina akatchula katatu kuposa apo, afotokoze chifukwa. Wina akatchula theka, mufunsenso kuti adumpha chiyani.

Onaninso ntchito zolowana. Ngati shock ya kutsogolo yatuluka kale ndipo mukusinthanso ball joint ya mbali yomweyo, tayala lachotsedwa kamodzi, galimoto yakwezedwa kamodzi. Kulipira ntchito iliyonse ngati yayambira pachiyambi n'kulipira kawiri.

Zimene maso saona

Leba yotsika kwambiri imandiopsa kuposa yokwera. Pali zinthu zimene makaniko wothamangira galimoto ina amazisiya, ndipo inu simungazione tsiku lomwelo.

Mabauti odutsa m'mabushi a labala amamangidwa komaliza galimoto itatsitsidwa, itaima pa matayala ake. Akamangidwa ili m'mwamba, labala imakhala yopotoka nthawi zonse ndipo imang'ambika msanga. Pakatha miyezi yochepa mumayamba kumva gugudu-gugudu, n'kumati anakugulitsani mabushi a feki, chonsecho vuto linali kamangidwe.

Palinso torque wrench, sipana yoyeza mphamvu yomangira. Bauti yothina mopyola imaduka, yosathina imamasuka mumsewu. Pali masitandi achitsulo ochirikiza galimoto m'malo mwa njerwa ndi zipika. Zipangizo zimenezi zimagulidwa ndi ndalama, ndipo amene ali nazo ali ndi ufulu wotchula mtengo woposa wa mnzake wa jeke imodzi ndi nyundo. Chimodzimodzi amene anakhala zaka akuphunzira ntchitoyi, kaya ku sukulu za luso za pansi pa TEVETA kapena m'manja mwa makaniko wamkulu.

Tisaiwale anyamata ogona pansi pa galimoto aja. Nthawi zambiri chakudya chawo cha masana chimachokera pa leba yomweyo. Tikaifinya mpaka kuuma, woyamba kugona ndi njala si mwini galaji.

Alignment ndi masipeya obwera nawo

Mukakhudza control arm, tie rod kapena kutalika kwa galimoto, alignment ndi yosathawika. Magalaji ang'onoang'ono ambiri alibe makina ake, ndiye imalipiridwa kwina. Funsani ngati ili mkati mwa mtengo. Mukaidumpha, matayala a kutsogolo amadyeka mbali imodzi, ndipo tayala limodzi la 4x4 limaposa kutali mtengo wa alignment. Achinyamata okonda kukweza galimoto ndi masentimita 5 kuti ioneke yaukali adziwe kuti zimenezi zimasintha kaimidwe ka matayala ndi ka ma CV joint, choncho ntchito yake ndi leba yake zimakula.

Ambirife timagula tokha masipeya, ena ku Limbe, ena kuitanitsa ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam. Palibe cholakwika, koma makaniko sangayankhe mlandu wa sipeya imene sanasankhe. Ikapezeka kuti siyokwana galimoto itamasulidwa kale, nthawi yotayikayo ndi yanu. Mutumizireni chithunzi cha nambala ya sipeya musanagule, ndipo ma shock gulani awiriawiri, kumanja ndi kumanzere, kuti galimoto isamapendekeke pokhota.

Makaniko akakhala wachibale

Apa ndi pamene mabanja ambiri amapunthwa. Malume kapena alamu akakhala makaniko, mtengo sutchulidwa. "Mungondipatsa ya sopo, mphwanga," amatero. Mawu okoma, koma zotsatira zake n'zowawa: galimoto yanu imakhala yomaliza pa mzere, ndipo china chikalakwika mulibe pakamwa podandaulira.

Amene amatikonzera ife ndi msuweni wa mayi anga. Ndimawauza kuti, "Malume, tchulani ngati mmene mungatchulire kwa mlendo, kuchotsera muchotsere nokha." Amatchula, amachotsako pang'ono, ndimalipira. Ubale uli bwino, ndipo galimoto ikalira ndimabwerera popanda manyazi.

Tayala lisanachoke

Mtengo umakambidwa galimoto ili pa matayala ake anayi. Ikakhala pa sitandi, mphamvu zokambirana zatha. Ine ndimalemba pa WhatsApp zimene tagwirizana: ntchito iliyonse ndi mtengo wake, tsiku lotenga galimoto, ndi kuti akapeza vuto lina aimbe kaye asanakhudze. Timagwirizananso za mabauti ogwira dzimbiri, chifukwa ola limene makaniko watha akulimbana ndi bauti imodzi ndi ntchito yeniyeni, iyenera kulipiridwa. Ndimalipira pa Mpamba kapena Airtel Money kuti pakhale umboni, ndimatenga masipeya akale, ndipo ndimapempha kuti pakatha sabata galimoto ibwerere akaonenso ma U-bolt, popeza amakonda kulekerera ikayenda ndi katundu. Kuonako kusakhale ndi mtengo wina.

Shock yakufa imachititsa tayala kudumphadumpha m'malo mogwira msewu, ndipo galimoto imatenga mtunda wautali kuti iime. Ball joint ikaduka, tayala limapindikira mkati galimoto ikuyenda. M'pikapu yotsika mapiri a ku Ntcheu mumakhala dalaivala, wothandizira ndi matumba a chakudya cha anthu. Makaniko amene wamanga zitsulo zimenezi moyenera mulipireni mokwanira, pa mtengo umene nonse mukutha kuufotokoza.