Paipi Yodontha Imayamwanso Zonyansa

Amayi anzanga, paipi ikayamba kudontha pakhomo, ambirife timathamangira kudandaula za bilu. Ndi zoona, mpopi wogwetsa kadontho kamodzi pa sekondi iliyonse umataya madzi odzaza ndowa ya malita 20 pa tsiku. Koma ife a m'chipatala nkhawa yathu ili pena: mng'alu wotulutsa madzi ndi womwewo wolowetsa zonyansa.

Madzi akamayenda mwamphamvu amakankhira zonse kunja. Akasiya kutuluka, monga zimachitikira magetsi akazima kumalo opopera, paipi imatsala yopanda kanthu ndipo imayamwa chilichonse chili pafupi ndi mng'aluwo. Tsono taganizirani mapaipi aja odutsa m'ngalande ku Ndirande kapena ku Mtandire, ena kuseri kwenikweni kwa chimbudzi. Madzi akabweranso, oyamba kugwera m'ndowa yanu ndi osakanikirana ndi uve umenewo. Akhoza kuoneka oyera mbee, koma tizilombo ta kolera ndi taifodi sitioneka ndi maso. Mliri wa kolera womwe unayambira ku Machinga m'Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700, ndipo mizinda ya mipopi, Lilongwe ndi Blantyre, sinasiyidwe. Kwa mayi woyembekezera nkhani yake ndi yoopsa kawiri, chifukwa thupi likatha madzi, mwana m'mimba amatha kutayika.

Mapaipi apulasitiki ambiri amaphedwa ndi dzuwa. Akakhala pamtetete amauma, kenaka khasu, ngolo kapena phazi la mwana n'kuwang'amba. Akwirireni mozama, patali ndi chimbudzi ndi dzala, ndipo wolima pakhomo adziwe pomwe adutsa. Mpopi ukayamba kudontha musaumange mwankhanza. Nthawi zambiri chatha ndi kawashala ka m'kati, kotchipa kuposa bilu ya mwezi umodzi.

Nanga mphira ija timadula kutchubu cha njinga n'kukulunga pong'ambika? Imathandiza usiku umodzi, basi. Imabisa kudontha koma siitsekera kunja tizilombo. Pong'ambika pafunika kudula ndi kulumikiza chidutswa chatsopano.

Kudontha kwina kumachitikira pansi, osaoneka. Madzulo tsekani mipopi yonse, lembani manambala a pamita, m'mawa muonenso musanatunge. Akasintha, madzi akuthawira penapake. Paipi yochokera pamita kulowa pakhomo ndi udindo wanu. Ikaphulika yakumsewu, dziwitsani a Water Board tsiku lomwelo, osadikira kuti wina anena.

Madzi akabwera atasowa, oyambirirawo akolopereni m'nyumba. Akumwa muwawiritse, kapena muthire klorini monga alangizi a zaumoyo anakuphunzitsirani, n'kudikira mphindi 30 musanamwe.

Mukapita kukazonda odwala ndi agogo a mumphakati mwanu, zungulirani kuseri kwa nyumba muone paipi yawo. Pomwe pamera udzu wobiriwira m'mwezi wa Okutobala, pakumbidwe.