Mayeso a udokotala a kunja: muyambe liti kukonzekera?

Ophunzira za udokotala akandifunsa kuti ayambe liti kukonzekera mayeso okagwirira ntchito kunja, ndimayamba ndawafunsa dziko limene akulifuna. America ndi Britain ali ndi mayeso osiyana kwambiri, ndipo nthawi yabwino yoyambira mayeso a dziko limodzi ikhoza kukutayitsani ndalama pa mayeso a dziko linalo.

Ku America mayesowo amatchedwa USMLE, ndipo ali m'magawo atatu. Gawo loyamba, Step 1, munthu angalembe asanamalize sukulu. Bungwe la ECFMG, limene limaunika madokotala ophunzira kunja kwa America, limafuna kuti akhale atatsiriza zaka ziwiri zoyambirira, komanso kuti sukulu yake ikhale m'kaundula wa World Directory of Medical Schools ndi chivomerezo cha bungwelo. Step 1 ndi mayeso a tsiku lathunthu, maola 8 pa kompyuta, mafunso ofika 280, ndipo amafunsa zomwe zija zimasowetsa tulo m'zaka ziwirizo: anatomy, physiology, biochemistry, pathology, za mankhwala ndi za tizilombo toyambitsa matenda.

Ndiye kwa wofuna America, kaya ali ku KUHeS ku Blantyre, kaya ku China kapena ku Russia, yankho langa ndi chaka chachiwiri. Sindikunena kuti ataye manotsi a m'kalasi n'kukumbatira buku la First Aid lokonzekera USMLE. Akamaliza za impso m'kalasi, madzulo ake ayankhe mafunso a za impso m'kafunsidwe ka USMLE, komwe amakupatsa nkhani ya wodwala n'kufuna chifukwa chake cha zimene zikumuchitikira. M'menemo adzakumananso ndi cystic fibrosis kapena matenda a Lyme, amene m'mawodi mwathu, modzaza malungo, TB ndi HIV, mwina sadzawaona. Wodikira mpaka atayamba internship amavutika koopsa. Wagona pa kolo ku chipatala cha Queens, wathamanga ndi amayi ovutika pobereka usiku wonse, ndiye m'mawa atsegule biochemistry imene anaisiya zaka zinayi zapitazo? Ndaonapo anthu anzeru zedi akugonja pamenepa.

Koma kuwerenga msanga ndi kulembetsa msanga ndi zinthu ziwiri. Wobzala mvula isanakhazikike amabzala kawiri. Gawo lililonse la USMLE limaloledwa kulembedwa kanayi kokha, ndipo ukalephera, kulepherako kumakhala pa chikalata chimene zipatala zidzaone uli kufunsira malo. Ukakhoza gawo loyamba, ECFMG imayamba kuwerenga zaka 7 zoti utsirizire zotsala zimene bungwelo limafuna. Musalipire musanayambe kukhoza bwino mayeso oyeserera, mobwerezabwereza.

Kuyambira pa 26 January 2022, Step 1 sapatsanso malikisi, amangoti wakhoza kapena walephera. Choncho maso a zipatala ali pa malikisi a Step 2 CK, amene amafunsa za kuzindikira matenda ndi kuchiza odwala. Amenewa ndimati alembedwe m'chaka chomaliza kapena atangomaliza, munthu atazungulira mawodi onse, za ana ndi za amayi zikadali m'mutu.

Britain njira yake ndi ina. Mayeso a PLAB, amene amayendetsedwa ndi General Medical Council, sungalembe ulibe digiri m'manja. PLAB 1 ndi mafunso 180 m'maola atatu. PLAB 2 imachitikira ku Manchester, kumene umalowa m'zipinda 16, chilichonse mphindi 8, nthawi zambiri kukumana ndi munthu wosewera ngati wodwala. Usanalembetse pamafunika umboni wa Chingerezi, IELTS kapena OET, ndipo umboniwo umatha mphamvu pakapita zaka ziwiri. Mwana wa chaka chachitatu amene makolo amulipirira IELTS "kuti ikhaliretu" wangowotcha ndalamazo. Chaka chomaliza, kapena mkati mwa internship, n'chokwanira kuyamba.

Chimene chiyenera kuyamba kale ndi kalankhulidwe ndi wodwala, ndipo apa ndi pamene ndimadandaula. Mzere wa odwala ukafika kunja kwa khomo, timazolowera kufunsa mafunso atatu n'kulemba mankhwala. Ku Manchester woyesa amamvetsera ngati wamufunsa wodwalayo chimene chikumudetsa nkhawa, ngati wamufotokozera matenda ake m'mawu oti amve, ngati wapempha chilolezo usanamugwire. Zimenezi sizilowa m'mutu pa milungu isanu ndi umodzi ya kosi yolipira. Zimaphunziridwa pa bedi la agogo a ku Thyolo amene sanauzidwepo chifukwa chake akumwa mapiritsi a BP, ndipo agogowo ndi oyenera ulemu umenewu kaya dokotalayo adzapita kunja kaya ayi. Zimandipweteka kuona achinyamata athu akuchoka, Malawi ali pa mndandanda wa WHO wa 2023 wa mayiko 55 osowa kwambiri ogwira ntchito zaumoyo. Komabe kuwabisira njira sikuwasunga.

Ndalama nazo zimafuna zaka. Mu 2025 Step 1 yokha inkaposa madola 1,000, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amene ankasunga m'makwacha anadzuka atabwerera m'mbuyo. Kwa wa PLAB, onjezanipo viza, ndege ndi pogona ku Manchester.

Za mapepala yambani lero. Dzina la pa pasipoti lifanane ndi la pa digiri chilembo ndi chilembo, chifukwa ECFMG imatsimikiza digiriyo ndi sukulu yeniyeniyo, ndipo Chikondi amene pena analembedwa Chikond amataya miyezi pa makalata. Ndipo amene akufuna Britain asathawe internship pakati: popanda miyezi 12 yovomerezeka ya ntchito imeneyi, General Medical Council simupatsa chiphaso chokwanira ngakhale atakhoza PLAB yonse.