Tinthu Tosaoneka ndi Maso Timene Tilimbitsa Mabatire

PETAUKE - Anthu a m'maboma a Petauke ndi Nyimba amene agwiritsa nchito mafoni ndi nyale za sola adziwa kuti batire ikafooka msanga, ndalama zimaonongeka. Kulimba kwa mabatire ambiri a lithium kudalira, mwa zina, tinthu takuda timene akatswiri amati carbon nanotube, ndiponso kasakanizidwe kake m'fakitale.

Tinthu timeneti tipangidwa ndi carbon, yemweyo amene ali m'makala ndi mu graphite, mwala wofewa wakuda umene uli m'kati mwa pensulo. Mwalawu upezekanso m'nthaka ya Petauke ndi Lundazi. Graphite ili ngati mphasa zambiri zosanjikizana, pamene nanotube ili ngati mphasa imodzi yokulungidwa. Tinthuti tinadziwika pa dziko lonse m'caka ca 1991, pamene Sumio Iijima wa kampani ya NEC ku Japan anafalitsa zimene anaona. Tsitsi limodzi la munthu liposa nanotube yopyapyala koposa kunenepa kwake nthawi zoposa 50,000. Komabe nanotube ndi yolimba kupambana citsulo, ndipo magetsi amayenda bwino m'kati mwake.

Vuto lalikulu ndi lakuti tinthuti timakokana ndi kumamatirana. Aliyense wophika nsima adziwa kuti ufa ukathiridwa m'madzi otentha popanda kuvundula, umapanga mibulu. Ma nanotube amacita cimodzimodzi, ndipo m'madzi wamba sabalalika konse. Akaunjikana pamodzi, mbali zina za batire zimasowa njira yopitamo magetsi.

Pothetsa vutoli, akatswiri amacita zinthu zitatu. Coyamba, m'malo mwa madzi amasankha mankhwala amadzimadzi amene agwirizana ndi khungu la nanotube. Odziwika kwambiri ndi NMP ndi DMF. Caciwiri, amagwedeza msanganizowo ndi makina otulutsa mafunde a phokoso losamveka ku khutu la munthu, ndipo mafundewo amaphwanya mibulu. Apa pafunika muyeso, cifukwa kugwedeza mopitirira kumadula ma nanotube kukhala tizidutswa, ndipo mphamvu yake imacepa. Cacitatu, amaonjezamo mankhwala ena, monga PVP, amene amakuta nanotube iliyonse kuti isagwiranenso ndi inzake. Popanda zimenezi, tinthuti timabwererana pang'onopang'ono ndi kudikha pansi.

Ena amayamba atsuka ma nanotube m'asidi wamphamvu kuti asakanizike mosavuta, koma asidiyo amavulaza khungu lake ndi kucepetsa kayendedwe ka magetsi.

M'fakitale ya mabatire, msanganizo wakudawo umaphatikizidwa ndi ufa wa miyala monga cobalt, nickel ndi manganese. Phalalo limapakidwa pa pepala la aluminiyamu ndi kuumitsidwa, ndipo NMP imene yauluka imagwidwa kuti igwirenso nchito. Popeza ma nanotube ndi aatali, ocepa cabe amalumikiza ufa wonse ngati ukonde, ndipo malo otsala amadzazidwa ndi zinthu zosunga magetsi.

Nchito imeneyi ili ndi zoopsa zake. NMP ikhoza kuvulaza mwana wosabadwa, ndipo m'caka ca 2018 bungwe la European Union linaika malamulo okhwima pa kagwiritsidwe kake. M'caka ca 2014, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa inaika mtundu umodzi wa nanotube pa gulu la zinthu zimene zingayambitse nthendayo. N'cifukwa cake anchito afunika kutetezedwa kuti asapume fumbi lake.

Nkhaniyi ikhudza Zambia cifukwa mu April 2022, dziko lino ndi la Democratic Republic of Congo anasaina pangano mu Lusaka lakuti agwirizane pa nchito yopanga mabatire a galimoto za magetsi. Ma nanotube ambiri sakumbidwa pansi, koma apangidwa m'fakitale kucokera ku gasi. Graphite ndiyo imakumbidwa, monga ku Balama m'dziko la Mozambique kumene mgodi unayamba kutulutsa mwalawu mu 2017, ndipo imalowa ku mbali ina ya batire.

Motero miyala ya ku Petauke ndi cobalt wa ku Copperbelt ndi ciyambi cabe. Phindu lalikulu limapita kwa amene adziwa kuyenga ndi kusakaniza zinthuzi mwa muyeso wake, ndipo dziko lofuna kupanga mabatire lifunika ana ake ophunzira luso limeneli.