Maola 40 oti usenze moyo wa munthu

Ku Florida, m'dziko la America, khoti likaona kuti nkhalamba kapena wodwala sangathenso kudziyendetsera zinthu, limamupezera womuyang'anira. Kuyambira tsiku limenelo makiyi a nyumba, ndalama za ku banki ndi mapepala a kuchipatala zimakhala m'manja mwa wina. Woweruza atha kumulanda munthuyo ufulu wosankha kokhala, wogulitsa katundu, woyendetsa galimoto, ngakhale wovota. Koma wolandira udindo wonsewu ngati ntchito yolipidwa amangofunika kuphunzira maola 40, sabata imodzi basi. M'chigawo chomwecho, wofuna chiphaso chokonza anthu tsitsi ndi nkhope mu saluni amaphunzira maola 1,200.

Zina zofunika kwa woyang'anira wolipidwa n'zachidule: kukhoza mayeso, kudinda zala, kufufuzidwa ngati ali ndi milandu kapena ngongole, kuika chikole cha madola 50,000, ndi kulembetsa ku Office of Public and Professional Guardians, ofesi imene inakhazikitsidwa mu 2016. Wachibale, monga mwana woyang'anira mayi ake, amaphunzira maola 8 okha pasanathe miyezi inayi atasankhidwa.

Chimene chimandivutitsa mtima ndi kumene maso a khoti amayang'ana. Pasanathe masiku 60, woyang'anira ayenera kupereka mndandanda wa chuma chonse cha munthuyo. Amalowa m'nyumba ya eni, kutsegula madilowa, kuwerenga mphete, kulemba mipando ndi mafelemu a zithunzi, mwini wake ali chigonere kuchipatala. Chaka ndi chaka amafotokoza mmene ndalama zayendera, malisiti ali pambali. Koma kukamuona munthuyo maso ndi maso, lamulo limangomukakamiza kamodzi pa miyezi itatu.

Ogwira ntchitoyi ali nazo zonena, ndipo n'zomveka. Amati foni ya kuchipatala imalira pakati pa usiku, dokotala akufuna yankho pompo. Amati ana amene sanabwereko zaka zambiri amatulukira akamva kuti nyumba ikugulitsidwa, n'kumawatchula akuba. Amadandaula kuti malipiro awo amadikira woweruza avomereze, ndipo ena mwa anthu amene amawasamalira alibe n'khobidi lomwe. Ambiri amavomereza kuti ntchito yeniyeni anaiphunzira atayamba kale, polakwitsa ndi pofunsa anzawo akale. Vuto n'lakuti wolakwitsiridwayo ndi munthu amene khoti lanena kale kuti mawu ake sakwanira.

Mu 2019, bambo wina wa zaka 75 anamwalira m'chipatala ku Tampa. Womuyang'anira wake, Rebecca Fierle wa ku Orlando, anali atasaina chikalata choti mtima ukaima madokotala asamutsitsimutse, ngakhale ofufuza anapeza kuti bamboyo ankafuna kukhalabe ndi moyo. Fierle anali ndi anthu mazanamazana m'manja mwake, ndipo maphunziro onse ofunika anali atawamaliza. Anatula pansi ntchito chaka chomwecho. Mu 2020 Florida inasintha lamulo kuti woyang'anira asasainenso chikalata chotero popanda chilolezo cha woweruza.

Lamulolo n'labwino, koma linawonjezera pepala lina lopita kukhoti. Ine ndikanakonda wophunzira ntchitoyi aziyamba watsatira woyang'anira wakale kwa miyezi ingapo, azikhala pambali pa bedi la munthu amene mawu akumuvuta kutuluka, n'kuphunzira kumufunsa chimene akufuna, asanapatsidwe makiyi a nyumba ya wina aliyense.