Akasiya nthano za Kalulu, mwana awerenge chiyani?

Mwana wa zaka 11 kapena 12 ndi wovuta kumusankhira buku. Mukamupatsa la zithunzi, lija la Kalulu ndi Fisi, amalitembenuza kawiri n'kulisiya pampando, ati ndi la ana. Mukamupatsa la akuluakulu, la masamba 400 ndi Chingerezi chozama, asanafike pa tsamba lachisanu tulo tamupeza. Aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'malaibulale amaudziwa bwino msinkhu umenewu. Apa ndi pomwe ana ambiri amene ankakonda kuwerenga amalekera, n'kutsala ndi manotsi a mayeso basi.

Ofalitsa mabuku ku America ndi ku Britain anawagawa kalekale owerenga achicheperewa. Pali mabuku a ana a zaka 8 mpaka 12, kenako a achinyamata a zaka 12 kapena 13 mpaka 18. Kusiyana kwake sikuli pa kukula kwa zilembo kokha. M'buku la ana, vuto limatha msanga ndipo pafupi pamakhala wamkulu wokonza zinthu. M'buku la achinyamata, mpangankhani amazindikira kuti akuluakulu nawo amalakwa, amanama ndiponso amalephera. Mumalowa chikondi, imfa, umphawi ndi kupanda chilungamo. Mwana salumpha tsiku limodzi kuchoka ku gulu loyamba kupita ku lachiwiri. Amafuna mabuku omuwolotsa.

Harry Potter wa J.K. Rowling anatchuka chifukwa cha zambiri, koma chimodzi ndi chimenechi. Buku loyamba linatuluka ku Britain mu 1997 lili ndi masamba 223, Harry ali ndi zaka 11. Lachisanu linatuluka mu 2003 ndi masamba 766, Harry ali ndi zaka 15, wokwiyakwiya, wokangana ndi anzake ndi aphunzitsi omwe. Lomaliza linabwera mu 2007, mnyamatayo ali ndi zaka 17. Ana omwe anayamba ndi loyamba anakulira limodzi ndi Harry, ndipo anadzapezeka akumaliza mabuku akuluakulu osadziwa kuti awolokera liti.

Koma owolotsa sali ku Ulaya kokha. Africa ili nawo ambiri, ndipo mukawayala pamodzi mumaona kuti ambiri akufanana pa chinthu chimodzi: mwana amachoka pakhomo, n'kuyenda ulendo wopanda womugwira dzanja.

Mwana akachoka pakhomo yekha

Chinua Achebe wa ku Nigeria amadziwika ndi Things Fall Apart, koma mu 1966 anatulutsanso kabuku ka ana, Chike and the River. Chike, wa zaka 11, anachoka kumudzi kwa amayi ake kukakhala ndi amalume ake mumzinda wa Onitsha, m'mphepete mwa mtsinje wa Niger. Mtima wake unali pa chinthu chimodzi: kukwera bwato lowolotsa anthu n'kukaponda tsidya, ku Asaba. Mtengo wake unali sikisipensi kupita, ina kubwerera, ndipo iye analibe. Kandalama komwe kanamutsalira pa zomwe anatola anakapereka kwa munthu wina wodzitcha pulofesa, yemwe ankati amachulukitsa ndalama, ndipo kanapita osabwerako. Pomaliza anatsuka galimoto ya munthu wolemera, nalandira sheleni yathunthu. Anawoloka, anatengeka ndi zoona, bwato lomaliza linamusiya, ndipo anakagona m'lole yomwe usiku womwewo inanyamula katundu wakuba.

Ziganizo zake ndi zazifupi, Chingerezi chake mwana wa Sitandade 6 kapena 7 akhoza kuchitsata. Komabe zomwe Chike akukumana nazo si za Kalulu ayi. Wabodzayo ndi munthu wamkulu, ndipo mwa akubawo muli munthu yemwe mnyamatayo ankamudziwa.

Wolemererapo ndi Journey to Jo'burg wa Beverley Naidoo, wa 1985, buku lomwe boma la tsankho la ku South Africa linaliletsa mpaka 1991. Naledi wa zaka 13 ndi mlongo wake Tiro wa zaka 9 anaona kuti mwana wakhanda wa pakhomo pawo, Dineo, wadwala mwakayakaya. Amayi awo anali kutali, ku Johannesburg, akugwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu. Anawo ananyamuka wapansi pa ulendo wa makilomita oposa 300, natengedwa ndi lole ya malalanje panjira. Mumzindamo anatsala pang'ono kukwera basi ya azungu okhaokha, anaona apolisi akumanga anthu chifukwa cha ziphaso, ndipo anamva za ana a sukulu a ku Soweto omwe anaomberedwa mu 1976. Kwa mwana wa ku Mzimba kapena ku Mangochi yemwe akuleredwa ndi agogo pomwe makolo ali ku Joni, nkhaniyi siifuna womumasulira.

Palinso A Girl Named Disaster wa Nancy Farmer, wa 1996. Farmer ndi wa ku America, koma anagwirapo ntchito ku Mozambique ndi ku Zimbabwe. Nhamo, mtsikana wa Chishona wa kumudzi ku Mozambique, abale ake anafuna kumukwatitsa kwa bambo wankhanza pofuna kupepesa mzimu wokwiya. Agogo ake anamuuza kuti athawe pa bwato akafune bambo ake ku Zimbabwe. Ulendo womwe unkaoneka wa masiku ochepa unasanduka wa miyezi, mtsikanayo atasochera pa nyanja ya Cahora Bassa ku Tete, nakhala pa chilumba pamodzi ndi anyani. Bukuli ndi lalitali kuposa awiri aja, loyenera wa zaka 13 kapena 14. Ku Malawi, dziko lomwe linachita kusintha malamulo ake aakulu mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, mtsikana wowerenga za Nhamo amadziwa kuti si nthano chabe.

Chomwe chimakoka ana ku mabuku otere n'chosavuta kumva. Pa msinkhu womwewu ndi pomwe mwana wa ku Malawi amalemba mayeso a Sitandade 8, ndipo ena amanyamula sutikesi ndi ndowa kupita ku sekondale yogonera komweko. Funso lomwe lili mumtima mwake ndi lomwe lili m'bukumo: ndikakhala ndekha, ndidzatha?

Kuseka nakonso n'kofunika

Si onse ofuna misozi. Barbara Kimenye, yemwe anabadwira ku England koma nakhazikika ku Uganda, anayamba m'zaka za m'ma 1960 mndandanda wa mabuku a Moses, mnyamata wosamva yemwe anachotsedwapo m'sukulu zingapo asanafike pa sukulu yogonera ya bambo Mukibi. Kumeneko chakudya n'choipa, nyumba zogona n'zakutha, ndipo Moses ndi mnzake King Kong sakhalitsa osapalamula. Mwana akamaliza limodzi amafunsa lotsatira, ndipo umu ndi momwe chizolowezi chowerenga chimamerera. N'chimodzimodzinso ndi Famous Five ya Enid Blyton, mabuku 21 omwe anatuluka pakati pa 1942 ndi 1963, kapena Hardy Boys ndi Nancy Drew a ku America. Akatswiri a zolembalemba akhoza kuwanyoza kuti nkhani zake n'zofananafanana, koma kufananako n'komwe kumathandiza wowerenga wongoyamba kumene kuti athamange.

Makolo omwe anali ku sekondale m'zaka za m'ma 1980 amakumbukira ma Pacesetters, timabuku tokwana m'thumba tomwe kampani ya Macmillan inayamba kutulutsa mu 1977. Olemba ake anali a mu Africa, nkhani zake za chikondi, umbava ndi moyo wa m'tauni. Kabuku kamodzi kankayenda m'manja m'manja hositelo yonse mpaka chikuto kuthothoka, ena akukawerengera pansi pa desiki nthawi ya pulepu. Mmalawi Dede Kamkondo analinso m'gululo ndi Truth Will Out. Amenewa ndiwo anali tsidya lenileni la mtsinje, mabuku a achinyamata enieni.

Awiri a kwathu konkuno

Malawi ili ndi mabuku awiri omwe amawerengeka ngati nthano zopeka, chonsecho ndi mbiri zoona.

Loyamba ndi I Will Try la Legson Kayira, la 1965. Kayira, wochokera kumpoto kwenikweni kwa dziko lino, ataphunzira ku Livingstonia ananyamuka wapansi mu 1958 kukafuna maphunziro ku America. Ananyamula Baibulo, buku la The Pilgrim's Progress, bulangete, kankhwangwa ndi kamba wa masiku asanu. Ali ku Kampala analowa mu laibulale, napeza buku la mayina a makoleji a ku America, nalembera Skagit Valley College ya m'chigawo cha Washington. Anamulandira. Anapitiriza ulendo mpaka ku Khartoum, ndipo anafika ku America kumapeto kwa 1960.

Lachiwiri ndi The Boy Who Harnessed the Wind la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer. Kamkwamba, wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, anasiya sekondale chifukwa cha kusowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. M'malo mokhala pa sitolo ankapita ku kalaibulale ka pa sukulu ya pulaimale, komwe anapeza buku lotchedwa Using Energy, pachikuto pake pali makina oyendera mphepo. Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankatsata zojambula. Anatolera fani ya thirakitala ku zitsulo zotayidwa, felemu ya njinga ya bambo ake ndi dayinamo. Mapaipi a pulasitiki anawawotcha pamoto n'kuwaphwathalitsa kuti akhale mapiko, ndipo nsanja anaimanga ndi mitengo ya bulugama. Anthu ankati wapenga, kufikira tsiku lomwe babu linayaka. Anayamba ntchitoyi ali ndi zaka 14.

Bukuli lili m'mitundu itatu: la akuluakulu la 2009, la zithunzi la 2012 ndi la owerenga achichepere la 2015. Lomalizali ndiye loyenera msinkhu womwe tikukambawu. Filimu yake, yomwe Chiwetel Ejiofor anajambulira ku Malawi konkuno, inatuluka mu 2019, ndipo mwana yemwe anaionera savuta kumukopa kuti atsegule bukulo. Mwa anthu awiriwa, Kayira ndi Kamkwamba, aliyense moyo wake unatembenukira pa shelefu ya laibulale.

Nanga a m'Chichewa?

Alipo, ndipo ena ndi akale kuposa ambiri mwa atchulidwawa. Nthondo ya Samuel Josiah Nthara inatuluka mu 1933 itapambana mpikisano wa zolemba za m'zilankhulo za mu Africa, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young anaimasulira m'Chingerezi pa mutu woti Man of Africa. Imatsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa, ubwana wake wosamva ndi wakuba, ulendo wokafuna ntchito kutali, mpaka kulowa ufumu. Sikusinja ndi Gwenembe wa John Gwengwe, nkhani ya abale awiri, nsanje ndi kambalame koulula mlandu, ali pakatikati penipeni: maziko ake ndi nthano ya pamoto, koma kulemera kwake ndi kwa akuluakulu. Okulirapo akhoza kupita ku Njala Bwana ndi Madzi Akatayika a Willie Zingani, Mtima Sukhuta wa Jolly Max Ntaba kapena Mkwatibwi Wokhumudwa wa P.P. Litete. Things Fall Apart nayo ilipo m'Chichewa, pa mutu woti Chipasupasu, yomasuliridwa ndi Benedicto Wokomaatani Malunga.

Vuto lili pawiri. Poyamba, mwana amakumana ndi buku la Chichewa makamaka likakhala la mayeso, ndipo buku lomwe ukuloweza mayina a apangankhani kuti ukayankhe mafunso silikoma ngati lomwe wadzisankhira wekha. Chachiwiri, ambiri mwa mabukuwa analembedwa kale. Mulibe foni ya m'manja, kabaza, mpira wa pa TV kapena mayi yemwe amatumiza ndalama kuchokera ku Cape Town. Ndondomeko ya boma yophunzitsa kuwerenga, yomwe inayamba mu 2016, inalunjika pa Sitandade 1 mpaka 4, ndipo n'zomveka, poti maziko ali pamenepo. Koma mwana akadziwa kuwerenga amafuna choti awerenge, ndipo osindikiza ambiri amathamangira mabuku a silabasi chifukwa ndiwo ali ndi msika wodalirika.

Kusankha bwino

Ana amakonda kuwerenga za munthu wowaposa ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, choncho wa zaka 11 amakopeka ndi mpangankhani wa zaka 12 kapena 13. Njira yachidule yoyesera Chingerezi ndi yotsegula tsamba lililonse n'kumuuza awerenge mokweza. Akapunthwa pa mawu ambiri pa tsamba limodzi, bukulo lidikire chaka chamawa.

Makolo ena amakayikira mabuku a zamatsenga, monga Harry Potter kapena Akata Witch wa Nnedi Okorafor, wa 2011. Lachiwirili limakamba za Sunny, mtsikana wachialubino wa zaka 12 wokhala ku Nigeria, wokonda mpira, yemwe anzake amamusala koma ndiye ngwazi ya nkhaniyo. Ndi mabuku ochepa omwe amaika mwana wachialubino patsogolo chotere. Kholo lokayika limachita bwino kuwerenga mitu iwiri yoyamba lokha, kenako n'kukambirana ndi mwanayo, kusiyana n'kungolanda bukulo. Ndipo mwana akasiya buku pakati, si mlandu. Apatsidwe lina.

Mabuku atsopano ndi okwera mtengo, koma bungwe la National Library Service, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, lili ndi nthambi ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu, Zomba ndi m'maboma ena. Ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa misewu ya m'tauni nawo amakhala ndi zina zabwino pansi pa mulu wa mabuku a mayeso.

Makolo, tchuthi chikubwerachi mutengeni mwana wanu wa Sitandade 7 kapena 8 mupite naye ku laibulale, mumulembetse, ndipo mumusiye asankhe yekha mabuku awiri, lina la Chichewa, lina la Chingerezi. Nanunso alembi ndi osindikiza, ana a zaka 12 a ku Ndirande, ku Mchinji ndi ku Chipata akudikira nthano yaitali ya m'Chichewa yokamba za moyo wawo wa lero. Ilembeni.