NCHENCHE ZONYEZIMIRA: DZIWANI IMENE IPHA NG'OMBE

Inu alimi a ku Chadiza, a kwa Zingalume, a kwa Mlolo ndi a kwa Mwangala, mvula ikayamba kugwa muona nchenche zobiriwira, zonyezimira ngati citsulo, zirikuzungulira pakhola, pacimbudzi ndi pa nyama yoyanika. Ambiri aziyesa mtundu umodzi. Si tero ai. Mitundu yace ndi yambiri, ndipo umodzi mwa iyo udya ng'ombe ikali ndi moyo. Masiku ano alimi ena ajambula nchenche ndi foni, natumiza cithunzi kwa mlangizi wa ziweto kuti awauze dzina lace. Kutero nkwabwino, koma dziwani cimene cithunzi cikhoza kukuuzani, ndi cimene sicikhoza.

Akulu anati cikomekome ca nkhuyu m'kati muli nyerere. Kunyezimira kwa nchenche kunyenga. Nchenche imodzi yomweyo ioneka yobiriwira padzuwa ndi yabuluu pamthunzi, ndipo zina zikakalamba zifiira ngati mkuwa. Cifukwa cace musakhulupirire kunyezimira kokha. Iphani nchenche osaiphwanya, muiike pa pepala loyera pamodzi ndi kamtengo ka macesi kosonyeza ukulu wace, ndipo muijambule katatu: pamsana, m'mbali ndi kumaso. Zofunika kuoneka bwino ndi zinai: masaya, mapiko, mizere ya pamimba, ndi kaboo kopumira kamene kali m'mbali mwa cifuwa, kumbuyo kwa mutu.

Maina a nchenchezi ali m'Cilatini, ndiwo amene alangizi apeza m'mabuku ao.

1. Chrysomya marginalis ndi yaikulu, yabuluu, ya nkhope yacikasu, ndipo m'mphepete mwa phiko lace cakutsogolo muli mzere wakuda. Ibadwira m'nyama zakufa. Mukaziona zambiri pathengo, funafunani ciweto cimene cinatayika.

2. Chrysomya albiceps ndi Chrysomya putoria nzobiriwira, za mizere yakuda yopingasa pamimba, ndipo kaboo kao nkoyera. Yoyambayo ikonda nyama yoola. Yaciwiriyo ibadwira m'zimbudzi, ndipo itenga tizirombo ta matenda a m'mimba ndi kukatisiya pa cakudya canu.

3. Lucilia cuprina ndi yocepa, yobiriwira ngati mkuwa, yopanda mizere yakuda pamimba. Iikira mazira pa ubweya wa nkhosa wonyowa ndi ndowe kapena mkodzo.

4. Chrysomya megacephala iri ndi masaya acikasu ndi kaboo kakuda, ndipo yamphongo iri ndi maso akulu ofiira okomana pamwamba pa mutu. Mudzaipeza pa nsomba zoyanika ndi pazimbudzi.

5. Chrysomya bezziana, imene inapatsidwa dzinali m'caka ca 1914, ndiyo mdani wa mlimi. Nayonso iri ndi masaya acikasu ndi kaboo kakuda.

Apa ndipo cithunzi cilephera. Nambala 4 ndi nambala 5 zifanana ngati mapasa. Kusiyana kwao kuli pa kacikopa kakang'ono ka patsinde pa phiko, kamene nkoderako pa nambala 4 ndi koyera pa nambala 5, ndipo foni sikaonetsa bwino. Cinanso, nchenche yoopsayi siikira mazira pa nyama yakufa, ndipo sioneka kawirikawiri. Mukhoza kujambula nchenche makumi asanu pakhola osaipeza, pamene mphutsi zace zirikudya ng'ombe yanu.

Tsono yang'anani pa cironda. Yaikazi iikira mazira oposa 100 nthawi imodzi m'mphepete mwa cironda ca nyama yamoyo: poluma nkhupakupa m'makutu, pabere ndi pansi pa mcira, pamcombo pa mwana wa ng'ombe wobadwa kumene, pofula, ndi pamene goli lanyula khosi la ng'ombe yolima. Mazira aswa tsiku limodzi lisanathe. Mphutsi ziloza mitu yao pansi ndi kuboola mnofu masiku 5 kufikira 7, pamenepo zigwa pansi ndi kulowa m'nthaka, ndipo nyengo yotentha zituruka ziri nchenche patapita ngati sabata imodzi. Cironda cotere cikhala cakuya, cicuca madzi a magazi, cinunkha, ndipo fungo lace liitana nchenche zina. Ciweto cileka kudya, ciwonda, ndipo cikhoza kufa. Mbuzi, nkhumba, agalu ngakhale anthu agwidwanso.

Mukapeza cironda ca mphutsi citani izi. Cotsani mphutsi zonse, osazitaya pansi, pakuti zidzasanduka nchenche m'khola mwanu momwemo. Sankhani zingapo za pansi penipeni pa cironda, cifukwa za pamwamba zingakhale za mitundu yina yobwera pambuyo. Muziviike m'madzi otentha kwambiri kanthawi kocepa, muziike m'kabotolo ka sipiriti, ndi kupita nazo kwa mlangizi wa ziweto wa kwanu kapena ku ofesi ya ziweto pa Boma la Chadiza. Mphutsi yoonedwa pa galasi lokuza zinthu iulula dzina lace koposa cithunzi ciri conse. Zotsala muzitenthe. Tsukani cironda, mupakepo mankhwala amene mlangizi akuuzani, ndi kucionanso m'mawa muli monse kufikira citapola.

Kuteteza kuposa kuciza. Sambitsani ng'ombe m'dibi monga mwa malangizo, pakuti kupha nkhupakupa kucepetsa zironda ndi matenda a cigodola pamodzi. Fulani ng'ombe m'nyengo yozizira ya June ndi July, pamene nchenche ziri zocepa. Pakani mankhwala pamcombo tsiku lomwe mwana wa ng'ombe wabadwa. Kwirirani kapena kutentha ciweto cakufa, ndipo bvundikirani cimbudzi. Koma zimene muziona pa maluwa a mango zisiyeni, pakuti zithandiza kuti mango abale.

Kumbukirani: cithunzi cithandiza kudziwa nchenche, koma ng'ombe ipulumuka cifukwa mwini wace aiyang'ana thupi lonse m'mawa asanaiturutse m'khola.