Kodi Mumadziwa? Mawu a Agogo Athu Akusungidwa ku Makhanda

Kodi mumadziwa kuti nyimbo zomwe amayi ankaimba pamtondo kuno kwathu m'zaka za m'ma 1950 zikadalipo, ndipo mutha kuzimva lero lino? Zili ku South Africa, mumzinda wa Makhanda, womwe mpaka 2018 unkatchedwa Grahamstown. Pa yunivesite ya Rhodes kumeneko pali laibulale yotchedwa International Library of African Music, ambiri amangoti ILAM. Mukalowamo simupeza mabuku okha. Muli matepi, zimbale, zithunzi, makadi olembedwa kumudzi komwe nyimbo inajambulidwira, ndi zoimbira zochokera m'madera ambiri a mu Africa.

Kodi mumadziwa kuti amene anayambitsa laibulaleyi anabwera ku Africa kudzalima fodya? Hugh Tracey anabadwira ku Devon, ku England, mu 1903. Mu 1921 anatsatira mkulu wake kumunda wa fodya ku Southern Rhodesia, dziko lomwe lero ndi Zimbabwe. Chikaranga anachiphunzirira m'munda momwemo, nyimbo nazo anazitola pakamwa pa anthu amene ankagwira nawo ntchito. Mu 1929 anatenga amuna 14 achikaranga n'kupita nawo ku Johannesburg kuti akajambulidwe ndi kampani ya Columbia. Laibulaleyi anaikhazikitsa mu 1954 ku Roodepoort. Atamwalira mu 1977, mwana wake Andrew ndiye anaisamutsira ku yunivesite ya Rhodes mu 1978.

Nanga kajambulidwe ka Hugh Tracey mumakadziwa? Kumudzi magetsi kunalibe, choncho gulu lake linkayenda ndi jenereta. Ankaiika patali ndithu, n'kukoka chingwe chachitali, kuti phokoso lake lisalowe m'nyimbo. Maikolofoni sankaiimika pamalo amodzi ayi. Ankaigwira m'manja n'kumazungulira nayo: pano aiyandikiza kwa wotsogolera nyimbo, apa aitsitsira pang'oma, kenako aitembenuzira kwa olandira. Nyimbo ikatha ankaibwezera kuti eni ake aimve. Taganizirani gogo amene sanamvepo mawu ake akutuluka m'makina, anthu ataunjikana pabwalo, aliyense akutchera khutu kuti azindikire mawu a mnzake.

Kodi mumadziwa kuti m'katundu wake munali tizitsulo tamphanda 54 toyezera mawu? Ichi ndiye chimandigwira mtima kwambiri. Kachitsulo koyamba ukakamenya kankanjenjemera ka 212 pa sekondi, kotsatira kankaonjezera ndi kanayi, mpaka komaliza pa 424. Woimba akakhudza kachitsulo kamodzi ka kalimba kapena kumenya thabwa limodzi la ulimba, Tracey ankafunafuna kamphanda kolira mofanana nako, akakapeza n'kulemba nambala yake pakhadi. Ankavutikiranji chonchi? Chifukwa zoimbira zathu sizichunidwa motsata piyano. Munthu wozolowera piyano akamva bangwe akhoza kunena kuti zingwe zake zasokonekera, pomwe mwini wake wazichuna dala momwe makolo anamuphunzitsira. Manambala a pamakadi aja ndi umboni woti kachunidwe kameneka kali ndi dongosolo lakelake, ndipo ofufuza amawagwiritsabe ntchito.

Kodi mumadziwa kuti kuchokera m'maulendo ake ojambula nyimbo munatuluka zimbale 210 za mndandanda wa Sound of Africa, ndi zina 25 za Music of Africa?

Nanga kuti kalimba yomwe imagulitsidwa m'masitolo a zoimbira ku Ulaya ndi ku America inafala kudzera mwa munthu yemweyu? Tracey anatenga maonekedwe a kalimba ndi mbira zomwe anaziona m'midzi, n'kupanga yake yochunidwa mwachizungu, ndipo kampani yake ya African Musical Instruments inayamba kuitumiza kunja. Dzina loti kalimba ndi lakuno kwathu ndi kwa anansi athu a ku Zambia. Ambiri amene amaiimba kutsidya kwa nyanja sadziwa zimenezo.

Pali china chimene sitingachibise. Ndalama zoyambitsira laibulaleyi zinachokera ku bungwe la Nuffield Foundation la ku Britain komanso kwa eni migodi. Ndi migodi ngati yomweyo imene inkameza anyamata athu opita ku Joni kudzera pa Wenela. Tracey analembanso buku lonena za magule a anthu ogwira ntchito m'migodi ya golide ya ku Witwatersrand, lomwe linatuluka mu 1952. Ine ndimayamika kuti mawu aja anapulumuka, koma ndimamvanso chisoni kuti ankajambulidwa m'nthawi ya atsamunda, n'kukasungidwa kutali ndi ana a eni ake.

Kodi mumadziwa kuti nyimbo zina zayamba kubwerera kwawo? Mu 1950, ku Kenya, Tracey anajambula anthu a mtundu wa Kipsigis akuimba nyimbo yotchedwa Chemirocha. Dzinali ndi katchulidwe kawo ka Jimmie Rodgers, woimba wa ku America yemwe ankamumva pa galamafoni. Mu 2014 Diane Thram, amene pa nthawiyo ankatsogolera ILAM, anapita ndi gulu la Singing Wells kukabweza nyimbozo kumidzi komwe zinajambulidwa. Ndimalakalaka ulendo ngati umenewu utafika ku Nsanje, ku Kasungu kapena ku Nkhata Bay, akuluakulu amene angazindikire mawu a makolo awo akadali moyo.

Kodi mumadziwa kuti Masanga, nyimbo ya gitala ya Jean Bosco Mwenda yomwe inatchuka dziko lonse, anaijambula ndi Tracey mu 1952 ku Jadotville, komwe lero ndi Likasi, ku Congo?

Kafukufuku nayenso sanaime. Magazini ya laibulaleyi, African Music, yakhala ikutuluka kuyambira 1954. Mmenemo Andrew Tracey analemba mu 1971 za gule wa nyanga wa Anyungwe a ku Tete, momwe munthu amavina, kuimba ndi kuliza zitoliro nthawi imodzi. Mu 1991 analembanso za Kambazithe Makolekole, katswiri wa valimba wa kuno ku Malawi. Bambo ake a Andrew anali atalemba kale buku la oimba timbila achichopi a ku Mozambique mu 1948, ndipo timbila yomweyo inalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, chaka chimodzi ndi Gule Wamkulu ndi Vimbuza. Mu 2010 laibulaleyi inakonza chionetsero chotchedwa For Future Generations, choonetsa anthu zoimbira, zithunzi ndi ntchito ya Hugh Tracey. Andrew anamwalira mu Januwale 2024.

Ndipo kodi mumadziwa kuti simufunika kukwera basi ya ku Joni kuti mumve za kwathu? Michael Baird, woimba wobadwira ku Lusaka, anasankha zina mwa nyimbo zomwe Hugh Tracey anajambula ku Nyasaland mu 1950, 1957 ndi 1958, n'kuzitulutsa pa ma CD awiri kudzera ku SWP Records. Imodzi ili ndi nyimbo za Amang'anja, Achewa ndi Ayao. Inayo ili ndi za Atonga, Atumbuka ndi Achewa.